MAU ASANU A MPHAMVU NDI NCHITO

Cipangano Catsopano cinalembedwa m'Cihelene, cimene ena ati Cigriki. Pamene William Murray ndi anzace anamasulira Buku Lopatulika, limene linaturuka m'caka ca 1922, anapeza kuti Ahelene ali nao mau ambiri pamene ife tinena liu limodzi, ndilo "mphamvu." Ophunzira zaubusa pa sukulu ya Justo Mwale ku Lusaka awerenga mau amenewa m'cinenero cace, koma ngakhale mkulu wa mpingo wa kumudzi akhoza kuwadziwa, napindula nao.

1. Ischus. Iyi ndiyo nyonga ya m'thupi, monga ya ng'ombe yokoka khasu. Kapitao wa pa Luka 16:3 anadandaula kuti alibe nyonga yotere yogwirira nchito ya m'munda. Liu lomweli liri pa Marko 12:30, pamene Ambuye atilamulira kukonda Mulungu. Tsono nyonga imene tilima nayo ndi yace ya Mulungu.

2. Dunamis. Uku ndiko kukhoza kucita kanthu. Ndiyo mphamvu imene ophunzira analonjezedwa pa Macitidwe 1:8. Paulo anauzidwa kuti mphamvu iyi ioneka yamphumphu pomwe munthu ali wofoka (2 Akorinto 12:9). Cifukwa cace nkhalamba imene nyonga inaithera isanene kuti iribenso nchito mu mpingo.

3. Exousia. Uwu ndiwo ulamuliro wocita kupatsidwa. Mfumu ya mudzi ingakhale yoyenda ndi ndodo, koma ikagamula mlandu, anyamata ojinca amvera. Liu ili ndilo liri pa Mateyu 28:18. Simoni wa ku Samariya, amene anali wanyanga, anafuna kugula ulamuliro wotere ndi ndalama, ndipo Petro anamdzudzula kolimba (Macitidwe 8:18-23).

4. Energeia. Iyi ndiyo mphamvu iri pa nchito. Abale a ku Emmasdale ndi ku Matero, m'mzinda wa Lusaka, anaona fanizo lace m'caka ca 2024. Cifukwa ca cirala madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, kumene kucokera magetsi ambiri a dziko la Zambia. Nthambo zinalipo, nyali zinalipo, zigayo zinalipo. Koma nyumba zinali mu mdima, ndi zigayo zinakhala duu. Momwemo mpingo ukhoza kukhala nayo nyumba yanjerwa, akulu ndi mabuku, koma wopanda cogwira nchito m'kati mwace. Koma gwero la Mulungu siliphwa. Pa Aefeso 1:19-20 Paulo aunjika mau anai a mphamvu pamodzi, natiuza kuti imene icita mwa okhulupirira ndiyo yomwe inaukitsa Kristu kwa akufa.

5. Kopos. Iyi ndiyo nchito yolemetsa, ya thukuta, monga kuswa mphanje. Pa Akolose 1:29 Paulo alumikiza kulema kwace ndi kucita kwa Kristu m'kati mwace. Iye sanati, popeza Mulungu acita, ine ndipumule. Analema ndithu, podziwa Mwini wogwira naye nchito. Ndipo pa 1 Akorinto 15:58 atilimbitsa mtima kuti thukuta lotere silitayika.

Tsono, abale, mau amenewa aticenjeza pa zinthu ziwiri. Alipo ena amene agulitsa mbeu ndi mbuzi zao kuti akagule "mphamvu," kaya kwa sing'anga, kaya kwa mlaliki wogulitsa madzi ndi mafuta. Amenewo atsata mapazi a Simoni. Pakuti dunamis ndi exousia ziri mphatso, ndipo ziribe mtengo. Alipo enanso amene apinda manja, nati Mulungu adzacita yekha. Munda umera thengo, odwala sacezeredwa, ana saphunzitsidwa. Amenewo aiwala kopos. Makolo athu anati, kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Mkristu abvomereza, naonjeza kuti khamalo licokera kwa Mulungu (Afilipi 2:13).

M'caka catsopanoci, pokomana m'mapemphero a pakati pa sabata, werengani mavesi amenewa limodzi limodzi, nimufunsane: Kodi nyonga yanga ndiithera pa ciani? Kodi mphamvu ndiifuna kwa yani? Kodi nchito imene Ambuye anandipatsa mu mpingo uno ndi iti, ndipo ndaiyamba kodi?