Makina Aŵiri, Chipangizo Chimodzi

Sukulu ikakhala ndi makompyuta ochepa, mphunzitsi angathe kuika pulogalamu ya VirtualBox kuti mkati mwa Windows muziyendanso Ubuntu. Pamenepo Windows ndiye mwininyumba, Ubuntu ndiye mlendo. Komatu ambiri a ife tachitapo manyazi pamaso pa ana: tabaya flash yathu, mlendo osaiona, nthaŵi ya phunziro nkutha tikungopukusa mutu.

Ife amene tinaphunzitsako ku Ntcheu tidziŵa msika wa pa Lizulu, pamene msewu wa M1 ndiwo malire a Malaŵi ndi Mozambique. Thumba la kachewere lingathe kuoloka msewuwo, koma silingakhale mbali zonse ziŵiri nthaŵi imodzi. Chipangizo cha USB chili chimodzimodzi: mlendo akachilandira, kwa mwininyumba chimasoŵa. Tsono zikavuta tisathamange, tifufuze motere:

1. Tiyambe taona ngati mwininyumba akuchizindikira. Chizindikiro chachikasu mu Device Manager chitanthauza kuti vuto lili kwa Windows, kaŵirikaŵiri pa driver. Mlendo alibe mlandu.

2. Titseke mafayilo onse a pa flash. Kuilanda Windows ikulembapo kungaononge malikisi a kalasi yonse.

3. Mlendo ali chizimire, tiloŵe mu Settings, pa USB, nkusankha USB 2.0 kapena 3.0. VirtualBox yakale, isanatuluke 7.0 m'chaka cha 2022, imafunanso Extension Pack ya nambala yofanana nayo.

4. Tiyatse mlendo, tipite pa Devices, kenaka USB, nkusankha chipangizocho ndi dzina lake. Tisasankhe mouse kapena keyboard, kuopa kumsiya mwininyumba wopanda manja.

5. Ngati mwininyumba ndi Linux, dzina lathu lilembedwe m'gulu la vboxusers, tituluke nkuloŵanso.

Tisinthe chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, ndipo tilembe m'kope chimene tasintha. Wosintha zitatu pamodzi sadziŵa chimene chachiritsa, ndipo maŵa adzavutikanso.

Zonsezi tiziyese dzulo lake, pokonzekera phunziro. Zikavutabe ana ali pomwepo, tisabise. Tiimike ana aŵiri kutsogolo, tiwapatse choko chimodzi, tiwauze alembe onse nthaŵi imodzi. Akatha kuseka tiwafunse: "Kodi choko chili kwa yani tsopano?" Mwana woyankha funso limeneli wamvetsa kale phunziro lonse.