Kusintha Magiya Pamanja pa Galimoto ya Otomatiki: Mafunso ndi Mayankho

Galimoto zambiri zobwera kuchokera ku Japan, monga Vitz, Sienta, Fit ndi Note, n'za otomatiki. Eni ake ochuluka amangodziwa P, R ndi D, zilembo zinazo amaziopa. Ena, makamaka anyamata, amaseweretsa ndodo ya giya poganiza kuti muli liwiro lobisika. Nawa mafunso amene oyendetsa amakonda kufunsa.

Kodi ndikamasintha ndekha magiya, galimoto imanyamuka msanga?

Ponyamuka itaima, phindu lake n'lochepa zedi. Mukaponda moto mpaka pansi ili pa D, kompyuta imagwira giya iliyonse mpaka kamuvi ka injini katayandikira chigawo chofiira, kenako n'kusintha pa nthawi yake. Dzanja la munthu limakonda kufulumira kapena kuchedwa. Ndipo ndodo ya giya siwonjezera mphamvu za injini: Vitz ya 1000cc ikhalabe ya 1000cc.

Nanga phindu lake lili pati?

Lili pa kukonzekera. Giyabokosi siona msewu, imangomva phazi lanu. Tiyerekeze muli pa msewu wa M1 kumbuyo kwa thiraki ya simenti yomwe ikukwawa pa 60. Galimoto yanu yakwera kale giya yapamwamba kuti isunge mafuta, kamuvi kali pansi cha pa 2,000, injini ikungong'ung'udza. Mpata wapezeka, mwakhotetsa chiwongolero n'kuponda moto. Galimoto imayamba yazengereza, kenako imatsitsa giya yokha, zomwe amakaniko amati kickdown, injini n'kubangula, liwiro n'kubwera. Kuzengereza kumeneku n'kwa kamphindi, koma kamphindi kameneko mumakhala muli kale kumbali ya galimoto zobwera kutsogolo.

Woyendetsa wodziwa amatsitsa giya akadali kumbuyo kwa thirakiyo. Kamuvi kamakwera kufika pa 3,500 kapena 4,000, injini imakhala itadzuka kale, ndipo akaponda galimoto imayankha pompo. Kwa ine, ichi ndiye chifukwa chachikulu chophunzirira lusoli, poti limafupikitsa nthawi yokhala kumbali yoopsa ya msewu.

Ndingatsitse bwanji giyayo?

Zimatengera galimoto. Ma Corolla akale a magiya anayi ali ndi kabatani ka O/D m'mbali mwa ndodo, pamene pamagwa chala chachikulu. Mukakadina, pa dashibodi pamayaka mawu akuti O/D OFF ndipo galimoto imatsika kuchoka pa giya yachinayi kupita pa yachitatu. Popitirira galimoto ina pamsewu waukulu, izi zimakwanira. Malo a 2 ndi L ndi a liwiro lotsika.

Zatsopano zili ndi M kapena S, ndi zizindikiro za + ndi −, pa ndodo kapena pa timagwiriro ta kuseri kwa chiwongolero. Njira imeneyi inatchuka ndi kampani ya Porsche, pa dzina la Tiptronic, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Ndikweze giya kamuvi kakafika pati?

Injini zing'onozing'ono za petulo zimatulutsa mphamvu zake zonse cha pa 6,000, pamene za dizilo monga za Hilux zimathera cha pa 3,500 kapena 4,000. Kwezani kamuvi kasanalowe pofiira. Kukakamira kupyola pamenepo n'kungochulutsa phokoso.

Yanga akuti ndi ya CVT. Zikugwiranso ntchito?

Apa ndiye pamene ambiri amanamizika. CVT ilibe giya yoyamba, yachiwiri kapena yachitatu. M'kati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka, ndiye kusintha kwake kulibe masitepe. Mukaponda mpaka pansi, kamuvi kamakwera n'kuima pamwamba pomwepo kwinaku liwiro likukula. Ena akamva kulira kosasinthako amaganiza kuti giyabokosi ikuterereka, chonsecho ndi mmene anaipangira. Magiya a + ndi − pa CVT ndi oyerekezera chabe, opangidwa ndi kompyuta, ndipo kawirikawiri saposa D pa kunyamuka. Chothandiza ndi S, yomwe imakwezeratu kamuvi musanapitirire galimoto ina. B kapena L ndi ya pamtsetse.

Kodi sindingawononge giyabokosi?

Kusintha mwanzeru sikuwononga. Galimoto zatsopano zimakana kutsika giya ngati liwiro lachuluka, ndipo zina zimalira kabelu kokuchenjezani. Zakale musazidalire choncho: osakokera pa L mukuthamanga.

Chimene chimapha giyabokosi ndi chibwana choika pa N, kuponda moto injini n'kubangula, kenako n'kugwetsera pa D kuti matayala alire. Mphamvu yonse imamenya nthawi imodzi timbale ta kalachi ta m'kati, oilo amatentha, ndipo pa CVT lamba amatha kukanda mapule. Giyabokosi ya otomatiki si chinthu chokonzetsa pansi pa mtengo ndi ndalama ya m'thumba. Chonde musayese n'komwe. Muzionanso oilo wake: ATF wabwino amakhala wofiirira, akada n'kumanunkha kupserera ndiye kuti watha ntchito, ndipo CVT ili ndi oilo wakewake.

Nanga m'mapiri?

Pokwera Chiweta kapena Thabwa, D imakonda kusinthasintha, kukwera giya n'kutsikanso pa khona iliyonse. Igwireni pa 3 kapena 2 kuti mphamvu isaduke. Potsika, giya yomweyo imagwira galimoto, mabuleki n'kupuma osapsa.

Ndingamayende choncho nthawi zonse?

Ayi. Injini yolira pamwamba imamwa mafuta ambiri komanso imatenthetsa giyabokosi. Mukangomaliza kupitirira galimoto kapena kukwera chitunda, bwezerani pa D, ndipo onetsetsani kuti mawu a O/D OFF azima pa dashibodi.