Phunziro: Kusankha Choikamo Ndodo ya Mbedza pa Boti

Phunziro lathu likukhudza kachipangizo kamene asodzi ambiri sakawerengera, koma kakathyoka msodzi amakocheza padoko alibe nsomba, alibenso ndodo. Tiyambe ndi kumasulira mawu atatu amene tiziwagwiritsa ntchito.

Kuwedza kokoka ndiko kuponya mbedza kumbuyo kwa boti, botilo n'kumayenda pang'onopang'ono kuti nyambo izigwedera m'madzi ndi kukopa nsomba zodya zinzake. Ndodo ndiyo nsungwi, mtengo kapena chipangizo chogula kusitolo chimene chimanyamula chingwe cha mbedza. Choikamo ndodo ndi paipi yaifupi yomangidwa m'mphepete mwa boti, m'mene msodzi amalowetsamo tsinde la ndodo kuti manja ake akhale pa nkhafi kapena pa injini.

Usodzi wotere ndi wotchuka ku Alaska ndi ku British Columbia, kumene amawedza nsomba yotchedwa salmon. Mtundu wake waukulu, Chinook, nthawi zina umapitirira makilogalamu 20. M'madzi athu salmon mulibe. Nsomba ya mpasa, imene imachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mtsinje wa Bua ku Nkhotakota kukaswa, ndiyo alendo amaifanizira ndi salmon, ngakhale ndi ya mtundu wina ndipo ndi yocheperapo. Ife a ku Machinga ndi ku Balaka madzi athu ndi mtsinje wa Shire, umene umatuluka m'nyanja ya Malombe n'kudutsa pa Liwonde, komanso nyanja za Chilwa ndi Chiuta. Nsomba ya mphamvu imene tiyenera kuikonzekera ndi mlamba, pakuti mlamba waukulu utha kupitirira makilogalamu 10.

1. Dziwani mphamvu imene choikamo chidzasenze

Gawo ili ndilo mutu wa phunziro lonse, choncho tiyende nalo mofatsa. Anthu ambiri amaganiza kuti nsomba ikakoka ndi mphamvu ya makilogalamu 5, choikamo chimasenzanso makilogalamu 5. Sizili choncho ayi, chifukwa utali wa ndodo umachulukitsa mphamvuyo.

Tiwerengere limodzi. Tinene kuti ndodo yanu yatuluka m'paipi mamita 2, amene ndi masentimita 200, ndipo tsinde lake lalowa m'paipimo masentimita 20. Tikagawa 200 ndi 20 tipeza 10. Ndiye kuti nsomba ikakoka kunsonga chopingasa ndi mphamvu ya makilogalamu 5, tsinde la ndodo likukankha paipi ndi mphamvu ya makilogalamu 50. Kulemera kumeneko ndi kwa thumba lathunthu la chimanga, ndipo kukugwera pa kamalo kochepa kuposa chikhatho chanu.

Tsopano tsinde lilowe masentimita 30, utali wakunja ukhale womwewo. Mphamvu ija ikutsika kufika pa makilogalamu 33 kapena kupitirira pang'ono. Mwaona kuti paipi yozama ndi yabwino kuposa yaifupi, ngakhale zonse zitapangidwa ndi chitsulo chimodzi. Sankhani paipi yoti tsinde lilowemo masentimita osachepera 25, ndipo kukamwa kwake kukule pang'ono chabe kuposa tsindelo, kuti ndodo isamalewelewe koma izisololoka msanga nsomba ikadya.

Dziwaninso kuti pa Shire chokoka kwambiri nthawi zambiri si nsomba. Mtsinjewu umatenga namasupuni ndi zitsotso za udzu zochuluka, moti pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965, pali chotchinga chogwira zomera zimenezi kuti zisakatseke makina a magetsi ku Nkula. Mbedza ikakola chitsotso chotere boti likupita kumtunda, mphamvu ya madzi ndi ya boti zimakumana pa choikamo chanu nthawi imodzi.

2. Sankhani chopangira

Nsungwi yokhwima sivuta kupeza ndipo imakwanira nsomba zazing'ono, koma imang'aluka ikanyowa ndi kuuma kawirikawiri. Paipi ya pulasitiki ya madzi sichita dzimbiri. Tengani yochindikala, ndipo dziwani kuti dzuwa la kuno limaiumitsa mpaka imasweka mosachenjeza. Paipi ya chitsulo ndiyo yolimba, ndipo owotcherera a pa Liwonde kapena pa Balaka atha kuilumikiza ku kachitsulo kafulati kokhala ndi maboo anayi. Auzeni awotcherere kuzungulira paipi yonse, osati kungodonthezera pawiri kapena patatu, ndipo apale kukamwa kwake kuti kusadye ndodo.

Ngati mumawedza ku Chilwa, samalani ndi dzimbiri. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, ndipo chitsulo chosapaka penti sichikhalitsa. Chilwa ndi yosazamanso ndipo ili ndi mabango ambiri, kotero kumeneko choikamo chimathandiza kwambiri boti litaima kusiyana ndi pokoka.

3. Mangani pamalo olimba

Apa ndi pamene ine ndimaumirira kwambiri, chifukwa choikamo chabwino chomangidwa pa thabwa lofumbwa n'chopanda ntchito. Pa boti la matabwa funani pamene thabwa la m'mphepete lakumana ndi nthiti, ndiye kuti mtengo wokhota wamkati umene umagwira matabwa onse pamodzi. Bayani pamenepo ndi nsonga ya mpeni. Mpeni ukalowa mosavuta, thabwalo laola. Funani malo ena.

Musagwiritse ntchito misomali. Msomali umagwira mtengo pongopanikizika, ndipo ndodo ikamagwedezeka tsiku lonse umasololoka pang'onopang'ono. Gwiritsani ntchito mabawuti oboola thabwa mpaka kuseri. Kuseriko ikani kathabwa kolimba ka mlombwa kapena mbawa, kenako washa, kamene ndi kachitsulo kozungulira ka boo pakati, ndipo pomaliza mange nati. Kathabwako ndi washa zimamwaza mphamvu ija ya makilogalamu 50 pamalo aakulu kuti nati isamire mumtengo.

Paipi ipendekere kunja ndi kumbuyo, pakatikati pa kuima chilili ndi kugona. Ikaimirira kwambiri, ndodo imapindikira kunsonga n'kuthyoka. Ikagona kwambiri, ndodo imatha kusololoka n'kugwera m'madzi. Mangiriraninso tsinde la ndodo ku boti ndi kachingwe kena kapadera.

4. Siyani pena pofooka mwadala

Izi zingaoneke zosemphana ndi zimene taphunzira, koma n'zofunika pa moyo wanu. Bwato losema ndi lopapatiza, ndipo kukoka kwadzidzidzi kochokera m'mbali kutha kuligudubuza. M'Shire muli ng'ona ndi mvuu, choncho kugwera m'madzi si nkhani yaing'ono. Pa chifukwa ichi, pafupi ndi mbedza lumikizani chingwe chachifupi chocheperako mphamvu kuposa chingwe chachikulu. Mbedza ikakola chitsa, chingwe chimenechi chiduke, bwato lisapendeke. Mbedza mudzagula ina. Amene ndodo yake ili ndi chokulungira chingwe achimasuleko kuti chingwe chizituluka chokha mphamvu ikakula. Pa bwato, paipi imangidwe m'munsi ndipo iloze kumbuyo koposa m'mbali.

5. Yesani musanalowe m'madzi

Kokerani boti kumtunda, lowetsani ndodo m'paipi, ndipo kunsonga kwake mangirirani chigubu cha madzi cha malita 5, amene amalemera makilogalamu 5. Ngati ndodo ndi yopyapyala, yesani ndi mtengo wolimba wa utali womwewo. Gwedezani chigubucho kangapo, dzanja lina lili pa mabawuti. Mukamva thabwa likulira kapena paipi ikusuntha, masulani mumangenso.

Musananyamuke, funsani a komiti ya padoko, imene asodzi amati BVC, za chiphaso ndi za miyezi yotseka usodzi, monga likunenera lamulo la usodzi. Kumbukiraninso kuti mbali ya Shire imene ili m'kati mwa Liwonde National Park, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa mogwirizana ndi boma kuyambira 2015, ndi yoletsedwa kuwedzamo.