Musanaukitse MGB yogona kuseri kwa nyumba

Nyumba za ku Area 15 zili ndi mabwalo aakulu, ndipo bwalo lalikulu limasunga zinthu. Mukamva kuti kuseri kwa nyumba ina kwagona kagalimoto ka mipando iwiri, ka mtundu wa MGB, matayala ataphwa kalekale, musathamangire kukatenga makaniko. Yambani ndi mapepala.

Funsani bulubuku, ndipo dzina lolembedwamo lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akukugulitsaniyo. Magalimoto otere kawirikawiri amakhala a malemu, ndiye mwana mmodzi sangangodzuka n'kugulitsa yekha. Pakhale kalata ya khoti kapena ya ofesi ya Administrator General yosonyeza amene anapatsidwa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiyecho. Popanda kalatayi, mudzamaliza kupenta bwinobwino kenaka achibale n'kutulukira. Ngati galimotoyo inalowa m'dziko muno ndi kazembe kapena bungwe lomwe silinalipire msonkho, pitani ku MRA mukamve kaye ngati pali ngongole. Mukatero kafunseni ku Road Traffic ngati ikupezeka mu MalTIS, chifukwa yomwe inaima 2015 isanafike ingafunike kulowetsedwamo kaye, ndipo apolisi atsimikize kuti siyobedwa.

Chachiwiri ndi manambala. MGB ankaipangira ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo anapanga zoposa 500,000. Nambala ya chasesi kawirikawiri imayamba ndi GHN ngati ndi ya denga la lona, GHD ngati ndi GT ya denga lachitsulo. Ya injini imayamba ndi 18G kapena 18V. Pukutani, jambulani, muyerekeze ndi za m'bulubuku. Manambalawa mukhozanso kuwatumiza ku British Motor Museum ku Gaydon, komwe amasunga mabuku a fakitale, ndipo mukalipira amakupatsani satifiketi yonena masiku omwe galimotoyo inapangidwa, mtundu wa penti yake yoyamba ndi komwe inatumizidwa. Mbiri yotsalayo ili m'makamwa mwa anthu: amayi a pakhomopo, mlonda wakale, makaniko amene ankaigwira. Lembani zonse, ndipo malisiti akale, ngakhale odyedwa ndi chiswe, musataye.

Tsopano gwadani pansi. Ambiri amakomedwa ndi injini, koma ine ndimati injini ndi nkhani yaing'ono. MGB ilibe chasesi chapadera ngati cha Land Rover yakale. Thupi lake lomwelo ndilo limanyamula zonse, ndipo mphamvu yake ili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko. Izi zikadyedwa ndi dzimbiri, galimoto imawerama pakati, zitseko n'kuyamba kukana kutsekeka. Yendetsani maginito m'mbali monsemo: pomwe sakugwira, wina anamatapo fila. Chotsani makapeti, yang'anani pansi pa mapazi ndi kuseri kwa mipando komwe kumakhala batire. Kuno kulibe mchere wa m'misewu ngati ku Ulaya, koma lona ikang'ambika, mvula ya dzinja lililonse imadikha m'katimo. Wowotcherera wanu akhale woti anagwirapo malata opyapyala a galimoto, osati wozolowera mageti ndi mabagala, ndipo alimbitse kaye mipata ya zitseko ndi zitsulo asanadule chilichonse.

Injini musailize tsiku loyamba. Chotsani mapulagi, thiranimo oyilo pang'ono, idikire masiku angapo, kenaka muizunguze ndi sipanala. Tsukani thanki. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi Chikwawa, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a labala, choncho sinthani onse pamodzi ndi timalabala ta m'makabureta awiri a SU. Injiniyi inapangidwiranso petulo wokhala ndi mtovu, yemwe anasiya kugulitsidwa, ndiye mukatsegula hedi ikitsanimo mipando yolimba ya mavavu. Muuzenso makaniko zinthu ziwiri: mabawuti ake ndi a mainchesi, sipanala ya mamilimita imangowaphwanya mitu, ndipo pa MGB zoyambirira, mpaka 1967, waya wa pozitivu ndiye amapita ku thupi la galimoto.

Mabuleki musanyengerere: mapaipi, malabala ndi mafuta ake zonse zikhale zatsopano. Matayala a mainchesi 14, mabelingi ndi tina totere mukhoza kusakasaka ku Biwi kapena ku Malangalanga, koma zambiri muziyembekeza kuitanitsa ku South Africa kapena ku UK. Muziwunjika n'kuitanitsa kamodzi, chifukwa mtengo wotumizira ndi msonkho nthawi zina zimaposa sipeya yeniyeniyo. Penti ibwere pomaliza, ndipo ngati satifiketi ija yanena mtundu wake woyamba, bwererani ku womwewo.

Mukapeza COF ndi inshulansi, iyeseni kaye m'misewu ya m'dera lanu Lamulungu m'mawa. Mahampu muziwakwera chopingasa ndiponso pang'onopang'ono, poti ekizozi yake ili pafupi kwambiri ndi tala.