Zitosi zimaulula mbala ya m'nkhokwe

Alimi anzanga, mwezi wa Meyi ukafika maso athu tonse amakhala kumunda, kuwerengera ngolo ndi madengu. Ndi ochepa amene amayamba ayendera malo amene chimangacho chikagone. Sabata ino ndati tikambirane za kuyendera nyumba, nkhokwe ndi khola zokolola zisanalowe, makamaka za mmene tingadziwire kanyama kamene kakutibera pongoona zitosi zake ndi zimene kawononga.

Wina anena kuti khoswe ndi khoswe basi, angadye zingati? Tiyeni tiwerengere. Khoswe mmodzi wamkulu amadya chakudya cholemera pafupifupi magalamu 15 pa tsiku. Ndiye kuti makoswe 20 akudya magalamu 300 usiku uliwonse, ndipo miyezi isanu ndi umodzi isanathe amakhala atamaliza thumba la makilogalamu 50. Apa sitinawerengere chimanga chimene amangoluma n'kusiya, chimene amakodzera, ngakhale matumba amene amaboola. Komanso makoswe 20 si ambiri ayi. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere masabata atatu okha, amaswa ana asanu kapena kuposerapo, ndipo anawo akatha miyezi itatu nawonso amayamba kuswa. Kapuku, mbewa ija imachoka kumunda kulondola zokolola, ndiye amachita kunyanya: pa ulendo umodzi amatha kuswa ana oposa khumi.

Ine ndikamayendera nyumba ndimatenga tochi ndi kamtengo, ndipo ndimayambira kumwamba. Khoswe wa m'nyumba ndi katswiri pokwera, amagona kudenga ndipo amatsika usiku kudzadya. Choncho onani pamwamba pa chipupa pamene pakhala denga, onani pa mitanda, kenako tsikani muone kuseri kwa matumba, pansi pa bedi ndi kukhitchini pafupi ndi mtsuko wa madzi. Makoswe amayenda njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku motsata khoma, motero pamene amadutsa pamada ndi mafuta a m'thupi mwawo, ngati pagwira munthu wa manja a makala. Kunja muzungulire nyumba ndi nkhokwe, kuyang'ana mauna ndi timipita m'udzu.

Mwini zitosi ndani?

Zitosi za khoswe wa m'nyumba n'zakuda, zotalika pafupifupi sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, zosongoka kunsonga, ndipo zimakhala zomwazikana m'njira imene amayenda. Za timbewa ting'onoting'ono n'zocheperapo, kukula kwake ngati njere ya mpunga. Mukapeza zazikulu ndi zazing'ono za maonekedwe ofanana zili pamodzi, dziwani kuti si mlendo wodutsa ayi, koma banja lakhazikika ndipo likulera ana.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa zitosi za mileme, chifukwa pongoziona zimafanana ndi za mbewa. Zisiyanitseni motere: kanikizani chimodzi ndi kamtengo. Chitosi cha mleme chimanyenyeka mosavuta kusanduka fumbi, ndipo mukaunikira ndi tochi mumaoneka tinthu tonyezimira, tomwe ndi mapiko ndi miyendo ya tizilombo timene mlemewo unadya. Cha khoswe n'cholimba ndipo mulibe zonyezimira. Komanso za mileme zimaunjikana malo amodzi, pansi penipeni pa pamene imalendewera kapena pa bowo limene imatulukira. Kusiyanitsaku n'kofunika kwambiri. Ndaonapo anthu akugula mankhwala a makoswe mwezi ndi mwezi pamene kudenga kuli mileme, yomwe chimanga saidya n'komwe ndipo nyambo yawoyo siyandikira.

Chitosi chakuda chokhala ndi kadontho koyera kunsonga ndi cha nalimata kapena buluzi. Ameneyu musavutike naye, akukudyerani mphemvu ndi udzudzu. Pansi pa mtengo kapena pa nyumba yakale mungapezenso timibulu totuwa tokhala ndi ubweya ndi timafupa. Amenewo ndi masanzi a kadzidzi, ndipo mukaphwanya kamodzi mupeza zigaza za mbewa. Ndikudziwa zimene timakhulupirira za mbalame imeneyi ikalira pakhomo, ndipo sindilowerera nkhani imeneyo, koma timafupa timeneto tikuonetsa ntchito imene imagwira usiku ife tili mtulo.

Funso lachiwiri n'lakuti mwini zitosizo adakalipo kapena adachoka kale. Zatsopano n'zakuda bii, zowala ndi zofewa mukazikanikiza. Zakale n'zotuwa ndi zouma. Njira yotsimikizika ndi kuchotsa zonse madzulo n'kubwereranso mmawa. Khoswe mmodzi amasiya zitosi 40 kapena 50 pa tsiku, choncho zimene mwapeza mmawa zikuuzani ngati muli ndi mmodzi kapena gulu. Muthanso kuwaza phulusa losefa m'mbali mwa khoma ndi pozungulira miyendo ya nkhokwe. Mmawa mupeza mapazi: akutsogolo a zala zinayi, akumbuyo a zala zisanu, ndipo nthawi zina pakati pake pali kamzere ka mchira. Mapaziwo akusonyezani kumene akulowera, ndipo apo mpamene pali ntchito yanu.

Chimanga nachonso chimanena amene wachidya. Khoswe ndi mbewa zimayamba kudya kamtima ka njere, kaja kofewa kamene kamamera, n'kusiya mbali yolimba yokhala ndi zipsera za mano. N'chifukwa chake mbewu yomwe yalowa makoswe imaoneka ngati ilipo yambiri koma kumunda imamera mwa apo ndi apo. Nankafumbwe wamba amaboola timabowo tozungulira. Mukapeza ufa wambiri pansi pa thumba, zitsononkho ngakhale mitengo ya nkhokwe zili zobooledwa, ameneyo ndi nankafumbwe wamkulu uja adayamba kuoneka m'dziko muno ku Karonga mu 1991. Awa ndi adani osiyana, mankhwala a mmodzi sikuti nthawi zonse amagwira kwa mnzake. Matabwa, mabigiri a pulasitiki, sopo ndi mawaya a magetsi a sola zikakhala zotafunidwa, ndi khoswe ameneyo, pakuti mano ake akutsogolo amakula moyo wake wonse ndipo sakhala osatafuna. Waya wosendedwa kudenga la udzu ndi moto umene ukungodikira tsiku, musauchedwetse.

Tsache lidikire kaye

Mayi aliyense akaona zitosi amathamangira tsache. Apa ndiye ndikupemphani muleze mtima. Kusesa zitosi zouma kumautsa fumbi limene mumapuma, ndipo fumbilo limagweranso m'ufa ndi m'madzi akumwa. Zitosi za makoswe zimanyamula tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Mkodzo wawo umafalitsa matenda otchedwa leptospirosis, omwe amalowa kudzera pa bala kapena m'maso ndi m'kamwa, ndipo amayamba ndi kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo. Mu mulu wakale wa zitosi za mileme mumatha kumera nkhungu yomwe ikapumidwa imadwalitsa mapapo, makamaka kwa munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chofooka. Munthu wotere, mayi woyembekezera ndi ana asagwire ntchito imeneyi.

Tsegulani zitseko ndi mawindo kwa theka la ola. Mangani nsalu yonyowa kukamwa ndi kumphuno, valani majumbo m'manja ngati mulibe magolovesi. Sungunulani kapu imodzi ya Jik m'makapu asanu ndi anayi a madzi, nyowetsani zitosizo ndi zisa zomwe, ndipo dikirani mphindi zisanu. Kenako wolani ndi chipepala kapena chisanza, ikani m'jumbo, kakwirireni m'dzenje lakuya kapena kutentha. Ngati Jik palibe, madzi otentha a sopo ndi abwino kusiyana ndi kusesa pouma. Mukatha sambani m'manja ndi sopo, ndipo mbale ndi miphika zimene zinali pafupi zitsukidwe zonse.

Nanga chakudya chimene chakhudzidwa? Ufa umene mwapezamo zitosi ndi wotaya, ngakhale ziwawe bwanji, chifukwa sefa imachotsa chitosi koma mkodzo sichotsa. Chimanga cha m'thumba chimene changokhudzidwa pamwamba, chotsani chapamwambacho ndi chonse chonyowa kapena chonunkha, chotsalacho mupete bwino, muyanike padzuwa, ndipo chidyedwe chokonola ndi kutsuka.

Khoswe wakufa musamugwire ndi manja. Nthata zake zimachoka thupi likazizira n'kusaka magazi ena, ndipo nthata zimenezi ndizo zimafalitsa mliri wa makoswe. Anzathu a ku Nsanje akuukumbukira, udawavuta mu 1997 ndi mu 2002. Mukaona makoswe akungofa okha ambiri m'mudzi popanda amene wathira mankhwala, kadziwitseni a zaumoyo tsiku lomwelo.

Kutseka njira

Kupha makoswe musanatseke polowera kuli ngati kutunga madzi ndi dengu, ena abwera kudzalowa m'malo mwa akufawo. Mbewa yaing'ono imalowa pa bowo loti pensulo n'kukwana, khoswe pa bowo loti chala chachikulu n'kulowa. Mabowo a m'chipupa atsekeni ndi simenti, kapena dothi losakaniza ndi timiyala ndi magalasi osweka. Pansi pa chitseko khomanipo kachidutswa ka lata. Nsanza ndi mapepala n'kutaya nthawi, mwangowapatsa zomangira chisa.

Nkhokwe ikhale pa miyendo yotalika mita imodzi, ndipo mwendo uliwonse uvekedwe lata lopindidwa ngati chipewa choyang'ana pansi, kapena chitini chachikulu chovundikira, kuti khoswe akakwera akagunde mutu n'kubwerera. Koma latalo n'lachabe ngati mwatsamiritsa makwerero, mpini wa khasu kapena njinga pa nkhokwepo, kapena ngati nthambi ya mango ikukhudza denga. Lambulani udzu pozungulira, ndipo milu ya nkhuni ndi mapesi ikhale kutali. Chimanga chakale chituluke chonse ndipo nkhokwe iyeretsedwe chatsopano chisanalowe.

Masiku ano ambiri tikusunga chimanga chotonola m'nyumba poopa akuba. Matumba asanjidwe pa thandala la mitengo, osakhudza pansi, ndipo pakati pa matumba ndi khoma pakhale mpata woti munthu n'kudutsa ndi tochi. Amene mukugwiritsa ntchito matumba a PICS, aja osalowa mpweya, dziwani kuti mphamvu yake yonse ili pa kusalowa mpweyako. Khoswe akaboola kabowo kamodzi, nankafumbwe amene amafa m'katimo amapezanso mpweya. Muziwayendera sabata iliyonse, ndipo kunja kwa thumba kusakhale njere kapena ufa wokopa makoswe.

Mukatseka, tcherani. Misampha iikidwe motsata khoma pamene munaona mapazi, mbali ya nyambo itayang'ana kukhoma. Khoswe amakayikira chinthu chachilendo, choncho masiku awiri kapena atatu oyamba ikani nyambo ya mtedza wokazinga kapena usipa osatchera, azolowere. Kenako tcherani misampha yambiri usiku umodzi, osati umodzi usiku uliwonse. Diwa la makolo athu likugwirabe ntchito kunja kwa nkhokwe, ndipo mphaka wosakhutitsidwa kwambiri ndi mlonda wabwino. Zimathandizanso kupangana ndi oyandikana nawo kuti mutchere sabata imodzi, popeza khoswe sadziwa malire a pakhomo.

Za mankhwala, maganizo anga ndi akuti akhale omalizira. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo m'nyumba yosungiramo chakudya khoswe amakhala ali pamkhate nthawi zonse. Tameki uja amagulitsidwa m'timapepala pamsika sadapangidwire makoswe ayi, ndi mankhwala oopsa a m'munda, ndipo kachidutswa kochepa kangathe kupha mwana, galu kapena nkhuku zonse za pakhomo. Ngati mwafikadi pofuna mankhwala, gulani m'sitolo yovomerezeka, a m'paketi yolembedwa malangizo, ndipo funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu. Ambiri mwa mankhwala amenewa amapha patapita masiku atatu kufikira sabata, choncho musaonjezere muyeso poganiza kuti sakugwira. Nyambo iikidwe m'kati mwa nsungwi yobooka kapena m'kabokosi momwe mwana ndi nkhuku sangafike, kutali ndi chakudya. Makoswe ofa atoledwe ndi fosholo mmawa uliwonse n'kukwiriridwa, kuti mphaka, galu ndi kadzidzi zisadye. Ndipo anyamata okumba mbewa auzidwe kuti pafupi ndi pamene pathiridwa mankhwala asakumbepo ndiwo.

Mileme ndiye isaphedwe, ingotsekeredwa kunja. Imadya tizilombo tambiri touluka usiku, kuphatikizapo agulugufe amene amaikira mazira a mbozi m'minda mwathu. Khalani panja dzuwa likamalowa muone mabowo amene ikutulukira. Tsekani ena onse masana, musiye limodzi lalikulu. Pa limenelo lendewetsani chidutswa cha neti yakale kapena pulasitiki, chokhomedwa kumwamba ndi m'mbali koma chosiyidwa kumunsi, kuti mleme uzitha kutuluka koma uzilephera kubwerera. Pakatha sabata tsekani bowolo. Ntchitoyi ichitike m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, chifukwa m'nyengo ya mvula mileme yambiri imakhala ndi ana osauluka, omwe angafere kudengako n'kununkhitsa nyumba. Mleme wogwa pansi musautole ndi manja. Wina ukamuluma kapena kumukanda, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo akanene kuti walumidwa ndi mleme, kaamba ka matenda a chiwewe.

Zitosi za milemezo mukazinyowetsa ndi madzi okha n'kuziwola mwavala nsalu kumphuno, musataye. Zithireni pa mulu wa kompositi ziwolerane ndi zinyalala zina, ndi manyowa amphamvu a kudimba.