Kukonzekera Ulendo wa ku Phiri la Mulanje

Phiri la Mulanje lili m'chigawo cha kummwera kwa dziko la Malawi, m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, pafupi ndi malire a Mozambique. Nsonga yake yaitali koposa ndi Sapitwa, imene inatalika mamita 3,002 kuchokera pamene palekezera madzi a nyanja yamchere. M'tsinde mwa phirili muli minda ya tiyi ndi midzi yambiri, koma pamwamba pake palibe mudzi, msika, chipatala kapena msewu wa galimoto. Pali udzu, miyala, mitsinje ndi tinyumba togonamo alendo basi. Munthu wofuna kukwera phiri limeneli ayenera kukonzekera bwino asananyamuke.

Mnyamata wina wa mu Sitandade 5 anachoka ku Blantyre kupita kukacheza kwa amalume ake ku Likhubula. Unali mwezi wa Julayi, sukulu zitangotsekera. Amalume akewo ankagwira ntchito yotsogolera alendo m'phirimo, ndipo anamulonjeza kuti adzapita naye kukagona usiku umodzi ku kanyumba ka alendo ka ku Chambe.

Madzulo a tsiku lakuti mawa lake anyamuka, amalume anayala mphasa pakhonde nayamba kuikapo katundu. Anaika bulangete, juzi, jekete, chipewa ndi masokosi. Mnyamata uja ataona zimenezi anaseka.

"Amalume, katundu yenseyu ngwachiyani? Masana ano dzuwa linaswa mtengo. Ine ndingovala malaya ndi kabudula."

"Iyayi mphwanga," anatero amalume, "nyengo ya kuno si nyengo ya kumtunda. Munthu akamakwera phiri, mpweya umanka nuzizira. Akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kumene tikagone n'kokwera ndithu, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi udzu umatha kuyera ndi chisanu m'mamawa."

Kenaka anatulutsa malaya amvula awiri, ndiponso anakulunga bulangete lija m'pepala la pulasitiki. Anafotokoza kuti nthawi yachisanu kumawomba mphepo yochokera kunyanja yamchere, yotchedwa chiperoni. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Mphepo imeneyi imabweretsa mvula yamawawa ndi chifunga, ndipo ikhoza kufika mwadzidzidzi ngakhale kunja kutacha bwino. Munthu akanyowa pamalo ozizira chotero, thupi lake limataya kutentha msanga. Amayamba kunjenjemera, miyendo imalobodoka, nzeru zimasokonezeka, ndipo akapanda kuthandizidwa akhoza kufa.

Atatha za zovala, anatembenukira ku chakudya. Amayi a pakhomopo anawapimira ufa wokwanira masiku atatu, ngakhale ulendo unali wa masiku awiri. Anawapatsanso usipa, mchere, shuga, masamba a tiyi, mtedza wokazinga ndi mbatata yowotcha.

"Nanga nyemba bwanji osatenga?" anafunsa mnyamata uja.

"Nyemba zimachedwa kupsa ndipo zimatha nkhuni," anayankha amalume. "Paulendo wotere timatenga chakudya chopepuka, chosachedwa kupsa ndiponso chosavunda msanga. Ufa wa tsiku lachitatuwo ngwa pamene nyengo itatitsekereza, chifukwa kumtunda kulibe golosale."

Anaikanso tochi, botolo la madzi, bandeji, mankhwala a zilonda ndi machesi amene anawatsekera m'kabotolo kuti asanyowe. Pomaliza anayang'ana nsapato za mphwawo. Anamuletsa kuvala patapata chifukwa amaterereka pamiyala yonyowa. Anamuletsanso nsapato zatsopano chifukwa zimatulutsa matuza. Anasankha nsapato zake zakale zazingwe, zolimba kunsi.

Usiku umenewo amalume anamuuza malamulo atatu. Loyamba, munthu asakwere phiri yekha, koma apite ndi wodziwa njira. Lachiwiri, auze anthu otsala njira imene adzere ndi tsiku limene adzabwere, kuti akachedwa adziwe kokamufuna. Lachitatu, chifunga chikatsika, asayende chiyendeyende, koma aime pamalo amodzi pamodzi ndi anzake kufikira njira ionekenso. Anawonjeza kuti nthawi yadzinja ndi yoopsa koposa, pakuti mitsinje monga Likhubula, Lichenya ndi Ruo imadzaza mofulumira, ndipo mvula ikachuluka nthaka imagumuka, monga zinachitikira ku Phalombe mu 1991 ndiponso nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023.

M'mawa mwake analawirira. Anayamba adzera ku ofesi ya zankhalango kukanena za ulendo wawo, kenaka anayamba chikweza. Dzuwa linawala ndithu, ndipo posachedwa mnyamata uja anali thukuta kamukamu. Chikwama chinayamba kumulemera.

"Amalume, bwanji ndibise juzi ndi jeketeyi patchire pano? Ndidzazitenga pobwerera."

"Pirira mphwanga," anatero amalume. "Katundu amene akukulemera tsopanoyu ndi amene akupulumutse dzuwa likapendeka."

Atayenda maola atatu, mphepo inasintha. Mtambo woyera unatsika kuchokera kunsonga, ndipo m'kanthawi kochepa sanathenso kuona ngakhale mwala umene unali patsogolo pawo. Mvula yamawawa inayamba. Mano a mnyamata uja anayamba kugundana, mantha namugwira. Amalume anamuveka juzi, jekete, chipewa ndi malaya amvula, ndipo anakhala pansi kuseri kwa thanthwe akudya mtedza ndi mbatata. Anadikira kwa ola lathunthu. Chifunga chitayamba kubalalika, anaona kuti pafupi ndi pamene anakhala panali phompho lakuya. Akadapitiriza kuyenda osaona njira, bwenzi atagweramo.

Anafika ku Chambe dzuwa lisanalowe. Mlonda wa kanyumbako anawalandira nawasonkhera moto. Anaphika nsima ya usipa, namwa tiyi, ndipo bulangete lija anapeza lili louma. Akuwotha moto, mlonda anawauza za mtengo wa mkungudza wa ku Mulanje, umene sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi. Anati ngakhale phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, mitengoyi inatsala pang'ono kutheratu chifukwa cha odula mozemba ndi moto wolusa. Tsopano anthu akubzala ina. Choncho mlendo aliyense ayenera kuzimitsa moto wake ndi kutsika nazo zinyalala zake.

Tsiku lotsatira anatsika bwino. Atafika kunyumba, mnyamata uja anapinda juzi yake mosamala nati, "Amalume, ndaona ndekha kuti mawu a akulu akoma akagonera."

Mafunso

1. Kodi phiri la Mulanje lili m'maboma ati?
2. Tchulani dzina la nsonga yaitali ya phirili ndi kutalika kwake.
3. Chifukwa chiyani pamwamba pa phiri pamazizira kuposa m'tsinde mwake?
4. Kodi chiperoni n'chiyani?
5. Chifukwa chiyani anatenga ufa wa masiku atatu?
6. Fotokozani malamulo atatu amene amalume anauza mphwawo.
7. Chikadachitika n'chiyani mnyamata uja akadasiya juzi ndi jekete patchire?

Ntchito

(a) Perekani matanthauzo a mawu awa: chifunga, phompho, mawawa, kulawirira, chikweza.

(b) Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "mawu a akulu akoma akagonera."

(c) Lembani zinthu khumi zimene mungatenge popita kumalo ozizira a kumapiri, ndipo mufotokoze ntchito ya chilichonse.