Alamu ili chete, ndiye tizigona ndi mbaula?

Adokotala,

Kuno ku Dedza June akangofika kumazizira koopsa, moti tikatha kuphika timalowetsa mbaula m'nyumba kuti ana aothe, masiku ena mpaka kuchipinda. Achimwene anga a ku Leeds anandisiyira kachipangizo koyera ka mabatire, akuti kamalira m'nyumba mukadzaza mpweya woipa. Ndinakaika pamwamba pa kabati pabalaza ndipo sikanalirepo. Apongozi akuti makala akafiira, utsi n'kutha, palibenso choopsa. Koma mwana wanga wa zaka 6 akumadzuka akudandaula mutu, ndipo atamuyeza malungo sanapezeke. Kodi tipitirize?

Mayi wa ana atatu, Dedza

Mayi,

Ayi ndithu. Kuyambira lero mbaulayo izigona panja.

Zimene akunena apongozi anu ambiri timazikhulupirira, koma n'zimene zimapha anthu. Utsi umanunkha, umatsokomoletsa, munthu amauthawa yekha. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo kapena mtundu, ndipo makala ofiira bwinobwino aja amautulutsabe mpaka atazima. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zopitirira 200, ndiye ubongo ndi mtima zimasowa mpweya wabwino. Amene ali maso amamva mutu, chizungulire, mseru ndi kufooka kwa miyendo. Amene ali m'tulo samva kanthu, amangopitirira.

Mwana wanuyo ndiye akundidetsa nkhawa. Ana amapuma mofulumira kuposa akulu, n'chifukwa chake amayamba ndi iwo kudwala. Taganizirani bwino: kodi mutuwo umasiya akatuluka panja kapena akapita kusukulu? Kodi umabwera m'mawa wa masiku amene munagona ndi mbaula? Ngati ndi choncho, komanso thupi silitentha, bwererani naye kuchipatala mukanene mosabisa kuti mumagona ndi moto wa makala. Mukapanda kunena, n'zovuta kuti achipatala aganizire zimenezi, chifukwa kachipangizo kamene timapanira pachala poyeza okosijeni kamatha kuonetsa kuti zonse zili bwino munthu ali ndi poizoniyu.

Tsopano za alamuyo. Achimwene anu anachita bwino, koma kukhala chete kwake kusakupusitseni. Itembenuzeni muone kumbuyo. Payenera kulembedwa kuti carbon monoxide kapena CO, chifukwa alamu ya utsi imaoneka chimodzimodzi koma mpweyawu siiumva. Fufuzaninso chizindikiro cha EN 50291 ndi deti lothera ntchito. Zambiri zimakhala zaka 5 mpaka 10. Dinani batani lake mumve ngati ikulira. Kenako malo: mbaula ikakhala kuchipinda chitseko chili chotseka, alamu ya pabalaza ikhoza kulira mochedwa kapena osalira n'komwe. Dziwaninso kuti anaipanga kuti mpweya ukakhala wochepa iyambe yadikira, mwina ola lathunthu kapena kuposa, pomwe ukachuluka kwambiri imalira pasanathe mphindi 3.

Ku England, kumene kuli achimwene anuwo, kuyambira pa 1 October 2022 lamulo limakakamiza eni nyumba zarenti kuika alamu yotere m'chipinda chilichonse chokhala anthu chimene muli chotenthetsera cha gasi, mafuta kapena nkhuni. Koma zotenthetsera zawozo zili ndi paipi yotulutsira mpweya panja, ndipo alamu imadikira tsiku limene paipiyo yatsekeka kapena makina awonongeka. Mbaula ilibe paipi. Mpweya wake wonse umathera m'chipinda momwemo, usiku uliwonse. Jenereta nayonso ndi chimodzimodzi: magetsi akazima, iziyakira panja, kutali ndi mawindo.

Alamuyo ikadzalira, musayambe kuchotsa mabatire. Tsekulani zitseko, tulutsani aliyense. Wokomoka mugonekeni cham'mbali ndipo musamumwetse mkaka kapena madzi, angatsamwe. Mankhwala ake ndi okosijeni wa kuchipatala, choncho thamangani naye. Mayi woyembekezera apite ngakhale akumva bwino, chifukwa mwana wa m'mimba amavulala msanga kuposa mayi ake.

Ndikudziwa kuti chisanu cha ku Dedza si chamasewera. Otherani pakhonde, ana muwaveke zipewa ndi masokosi, muwaikire m'bulangete botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje. Apongozi muwafotokozere mwaulemu, ndipo mwanayo mupite naye kuchipatala sabata yomwe ino.

Dokotala wanu